Momwe mungayeretsere mizere ya pakati pa matailosi ikada

Ndakhala ndikugwira ntchito yotsuka pansi m'nyumba ndi m'maofesi a mumzinda wa Blantyre kwa zaka zingapo, ndipo dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti matailosi akuoneka akuda ngakhale kuti amakolopedwa m'mawa uliwonse. Nthawi zambiri matailosiwo sakhala ndi vuto. Chimene chimada ndi simenti ya m'mizere, imene amisiri amaitcha grout, chifukwa ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso timene timamwa madzi ngati njerwa yootcha. Chikolopa chimachotsa litsiro pamwamba pa tailosi n'kulisiya m'mizere, popeza mizereyo ndi yolowa pang'ono, moti munthu amene amakolopa nyumba yonse ndi ndowa imodzi ya madzi ndiye amene amadetsa grout tsiku ndi tsiku.

Choyamba, gwadani pansi muone mtundu wa litsirolo musanagule mankhwala aliwonse. M'khitchini mizere imakhala yakuda ndi yomata chifukwa cha mafuta ophikira ndi mwaye, makamaka m'nyumba zimene amalowetsa mbaula magetsi akazima. Pabalaza ndi m'makonde mizere imafiira chifukwa cha dothi la katondo limene timalowa nalo ndi nsapato nthawi ya dzinja, ndipo kwina kufiirako kumachokera ku polishi wa Cobra wa pakhonde amene mapazi amamunyamulira m'nyumba. M'bafa mumapezeka zinthu ziwiri zosiyana: chuku chakuda cha m'makona, ndiponso zoyerayera zouma gwa zimene sopo ndi madzi amasiya. Mafuta, mwaye, katondo ndi polishi zimachoka ndi mankhwala osungunula mafuta, pamene zoyerayera zokhazo ndi zimene zimafuna asidi.

Mukasesa bwinobwino, yambani ndi mankhwala osungunula mafuta aja, amene m'mashopu amalembedwa kuti degreaser. Asakanizeni ndi madzi ofunda motsatira muyezo wolembedwa pachigubu, muwathire m'mizere pamalo a mamita awiri m'litali ndi awiri m'lifupi, kenaka muwasiye kwa mphindi 10 mpaka 15 osalola kuti aume. Kudikiraku ndiko kumagwira ntchito yaikulu, ndipo achinyamata amene ndimawalemba ganyu ndimalimbana nawo pomwepa, chifukwa iwo amafuna kuyamba kukwecha mankhwala asanalowerere. Kwechani ndi burashi yolimba ya nayiloni motsata mzere. Burashi ya waya ndi sitiliwulo musazigwiritse ntchito, chifukwa zimakanda tailosi ndipo tizidutswa take timatsalira m'mizere n'kuchita dzimbiri. Madzi akudawo achotsedwe nthawi yomweyo ndi makina oyamwa madzi, ndipo ngati mulibe makinawo kapena magetsi azima, khalani ndi ndowa ziwiri, ina yofinyiramo, ina ya madzi oyera.

Pa nkhani ya mitengo, chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mankhwala ochokera ku South Africa anakwera kwambiri, choncho ine ndimagula chigubu cha malita 5 m'mashopu a zomangira a ku Limbe kapena ku Ginnery Corner m'malo mogula timabotolo ting'onoting'ono. Ngati ndi khitchini imodzi yokha, phala la soda wophikira ndi madzi pang'ono limathandiza ndithu, kungoti mkono ndi umene umalipira.

Tsopano ndifike pa asidi, pamene ine ndinagwa napo. Ndinaitanidwa ku nyumba ina ku Namiwawa kumene ankayembekezera alendo a chinkhoswe Loweruka, ndipo bafa la alendo linali ndi zoyerayera zimene zinakana kuchoka. Pofuna kupulumutsa ndalama, ndinagula asidi wotchedwa spirit of salts kwa wogulitsa wina wa m'mbali mwa msewu, amene anandithirira m'botolo la madzi akumwa lopanda chizindikiro n'kunditsimikizira kuti ndi wosungunula kale ndi madzi. Ndinathira asidiyo pa grout youma. Mizere inayamba kuchita thovu ndi kulira kuti tsii, ine n'kumakondwa poganiza kuti litsiro likutuluka, osadziwa kuti thovulo linali simenti yeniyeniyo ikudyeka. Spirit of salts ndi hydrochloric acid, ndipo sachapa grout monga mmene sopo amachapira malaya, koma amasungunula pamwamba pake kuti yoyera ya pansi ionekere. Akakhala wamphamvu kwambiri, kapena akagwera pa grout youma imene imamumwa mpaka pansi, amadya mzere wonse.

Tsikulo bafa linawala ndipo ndinachoka ndikuyamikiridwa. M'mawa mwake mayi a nyumbayo anandiimbira foni n'kundifunsa kuti, "Achimwene, kodi mchenga uli m'bafamu ukuchokera kuti?" Nditafika ndinapititsa chala mumzere, grout n'kumayoyoka ngati ufa wa mgaiwa. Chitsulo chonyezimira cha potulukira madzi chinali chitathimbirira, ndipo pamwala wa marble wa pakhomo la bafa panali patadindika zidindo za jombo zanga, chifukwa ndinapondapo ndi asidi ku mapazi. Ndinatha masiku atatu ndikukokota mizere yonse ndi kuikamo grout yatsopano yogula ndi ndalama zanga, ndipo malipiro anga onse anapita kwa mmisiri amene anadzapukuta mwalawo.

Njira yoyenera ndi iyi. Musanatsegule botolo, tungani madzi okwanira mumgolo, chifukwa mpopi ukauma asidi ali pansi mulibe chomuletsera. Tsegulani mazenera, valani magolovesi a labala ndi magalasi oteteza maso, ndipo zitsulo zonse muziphimbe ndi pulasitiki. Nyowetsani mizere ndi madzi oyera mpaka itakhuta, kuti asidi agwire pamwamba pokha. Sakanizani muyezo umodzi wa asidi ndi miyezo 10 ya madzi, ndipo nthawi zonse muzithira asidi m'madzi, osati madzi mu asidi, chifukwa amatentha n'kuthovukira kumaso. Yesani kaye pamalo obisika, monga kuseri kwa chitseko, mudikire paume, muone ngati grout ikadali yolimba komanso ngati mtundu wake sunasuluke. Mukakhutira, pakani kagawo kakang'ono, mukweche pasanathe mphindi 3, muthirepo madzi osungunuliramo soda kuti aphe mphamvu ya asidi, kenaka mutsukuluze kawiri. Masiku ano ndimakonda mankhwala a phosphoric acid kapena sulfamic acid, amene ndi ofatsirapo, ndipo sindigulanso chilichonse chimene chilibe chizindikiro cha kampani ndi muyezo wosakanizira. Pa marble ndi pa terrazzo (simenti yosakaniza ndi timiyala n'kupukutidwa kuti inyezimire), imene imapezeka m'nyumba zambiri zakale, musaikepo asidi wamtundu uliwonse, ngakhale viniga kapena madzi a mandimu, chifukwa miyala imeneyi ndi ya laimu ndipo kunyezimira kwake kukachoka sikubwerera ndi kutsuka.

Chuku cha m'makona chimachoka ndi Jik wosungunula ndi madzi, womusiya kwa mphindi 10, koma ntchito imeneyi ichitike tsiku losiyana ndi la asidi. Jik akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wa chlorine umene umawotcha m'maso ndi m'mapapo, ndipo m'bafa laling'ono munthu akhoza kukomoka. Funsani wogwira ntchito m'nyumbamo chimene wakolopera m'mawa umenewo, popeza mwini nyumba kawirikawiri sadziwa.

Mukatha zonsezi, siyani pansi paume kwa maola 24 kapena kuposerapo musanaweruze ntchito yanu, chifukwa grout yonyowa imaoneka yakuda. Nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julaye, ndimadikira masiku awiri kapena atatu. Pamene mizere yang'ambika kapena yakumbika, kokotani grout yakaleyo muike yatsopano, nayonso muipatse masiku atatu kuti ilimbe. Pamene banga lakaniratu, pali utoto wa grout wopaka ndi kaburashi kakang'ono, ngakhale kuti supezeka nthawi zonse m'mashopu athu.

Chomaliza ndi kupaka sealer, mankhwala otseka timabowo tija. Sankhani wolowerera m'kati, mumupake m'mizere mokha, ndipo wotayikira pa tailosi mumupukute asanaume. Kuti mudziwe ngati wagwira, donthezani madzi pamzere tsiku lotsatira: akaima ngati mkanda ndiye kuti zatheka, akalowa n'kudetsa mzere mupakenso kachiwiri. M'bafa ndi m'khitchini muzibwereza kuyesaku chaka chilichonse, ndipo wokolopa muwauze kuti azisintha madzi chipinda chilichonse ndi kuchepetsa sopo wa ufa.