Kapangidwe ka madzi asopo osambira m'manja, kuti sopo asamathe msanga

Poyamba tigwirizane, madzi asopo si sopo wamadzi ayi. Sopo wamadzi ndi uja wogula m'shopu kapena wopanga ndi makemiko, pomwe madzi asopo ndi madzi wamba omwe mwasungunuliramo sopo basi. Mawu oti "asopo" amasokoneza ndithu, mukauza mwana kuti tenga mbale yasopo akhoza kukubweretserani yoikamo sopo kubafa pomwe inu mumanena ija sinatsukuluzidwe bwino. Manja asopo ndi aja akuterera, kapu yasopo ndi ija tiyi akumveka Sunlight.

Ine ndinayamba izi nthawi ya kolera ija inayamba mu 2022, pakhomo pano mtanda wa sopo ukaikidwa pa mpondagiya (kachigubu kosambira m'manja kochita kuponda ndi phazi) sumagona, mwina mbuzi, mwina makoswe, mwinanso ana a neba kaya.

Pezani botolo la pulasitiki, la Sobo la malita 2 ndi labwino. Muyezo womwe azaumoyo amagwiritsa ntchito ndi magalamu 30 a sopo wa ufa pa madzi okwana lita imodzi ndi theka, ndiye pa botolo la Sobo ndi magalamu 40, ine ndimangothira masipuni akulu anayi odzaza.

Apa ndi pomwe ndinalakwitsa ine. Ndinati sopo akachuluka ndiye majeremusi afa bwino, ndinakhuthulira theka la paketi, kenako madzi ozizira a m'mawa mpaka kukamwa kwa botolo. Kukhutchumula zinakanika chifukwa munalibe mpata, sopo anangokhala pansi ngati phala la dzulo, pamwamba madzi okhaokha. Masiku oyamba timasamba madzi opanda thovu, atatsala pang'ono kutha ndiye kunabwera chiphalaphala chija, manja kuterera osatha ngakhale utsukuluze kangati, mayi a kunyumba zala zinayamba kuyabwa mpaka kusupuka ndipo mlandu unali wanga sabata yonse. Ndiye yambani ndi madzi ofunda pang'ono, theka la botolo, thirani sopo, khutchumulani mpaka timibulu tonse tithe, kenako muonjezere madzi koma musiye kampata pamwamba.

Za sopo samalani ndi uja amapima m'timapepala pamsika, wotchipa inde koma ndinagulapo wina thovu lake ngati wachita kupempha, pansi pa botolo panatsala zoyera ngati choko. Bola kapaketi kakang'ono kotseka ka kugolosale, ngakhale mitengo yake masiku ano ukapita mawa wapeza ina.

Zotsalazo ndi zosavuta. Tenthetsani msomali, boolani kachibowo kamodzi pa chitsekero, kamodzi kokha, mangani botolo ndi chingwe pafupi ndi mpondagiya. Kudontheza pang'ono, kutikita masekondi 20, kutsukuluza ndi madzi oyera. Mulembepo SOPO ndi cholembera cha maka, madziwa akakhazikika amaoneka ngati akumwa.