Momwe mungapezere mazira a njoka zam'mimba ndi njira ya formol-ether

Kupaka kachimbudzi pa silaidi n'kuyang'ana pa maikulosikopu n'kwachangu, koma njoka zikakhala zochepa mazira ake amakuzembani. Wodwala amabwerera kwawo atauzidwa kuti sipanapezeke kanthu, chonsecho m'mimba mukumupota. Njira ya formol-ether, yogwiritsa ntchito mankhwala awiri, formalin ndi ether, imasonkhanitsa mazirawo pansi pa chubu kuti asabisalenso.

Ntchito ya ether pano ndi imodzi: kusungunula mafuta. Ether ndi wopepuka kuposa madzi ndipo sasakanikirana nawo kwenikweni, choncho amakokera mafuta ndi zinyalala pamwamba, mazira olemerawo n'kumira. Ndi mankhwala omwewa, diethyl ether, amene William Morton anagonetsera wodwala pa opaleshoni ku Massachusetts General Hospital mumzinda wa Boston pa 16 Okutobala 1846. Ndiye mukamva chizungulire kapena tulo muli pakati pa ntchito, dziwani kuti mwaupuma wambiri. Tulukani kaye panja.

Musanatsegule botolo, zimitsani moto uliwonse m'labu, ngakhale kanyali ka sipiriti kali pa benchi lakutali. Mpweya wa ether ndi wolemera kuposa mpweya wamba. Umayenda chokwawa pa benchi ndi pansi mpaka kukakumana ndi moto. Tsegulani mawindo, valani magolovesi.

Tengani chimbudzi chokwana galamu imodzi, chachikulu ngati nsawawa, muchiphwanye bwino ndi kamtengo mu mamililita 7 a formalin wa 10 peresenti. Formalin amaumitsa mazira ndi tizilombo kuti zisasinthe maonekedwe. Sefani ndi kasefa kapena gozi, kenaka thirani madziwo mu chubu chosongoka pansi, chagalasi kapena cha pulasitiki wa polypropylene. Mapulasitiki ena ether amawadya, ndipo chotsekera cha rabala nacho amachiononga.

Onjezerani mamililita 3 a ether, tsekani, ndipo khutchumulani mwamphamvu kwa mphindi imodzi yathunthu. Apa ndi pamene ambiri amachitira ulesi. Amagwedeza kawiri katatu basi, mafuta osatuluka, kenaka n'kumadandaula kuti silaidi yadzaza zinyalala. Potsegula, kulungani chotsekeracho ndi kapepala ndipo masulani pang'onopang'ono chubu chikuloza kumbali, chifukwa mkati mumakhala mutadzaza mpweya. Ether amawira pa madigiri 34.6 okha, kutentha komwe Nsanje ndi Chikwawa amakupitirira mu Okutobala. Dzanja lanu lenilenilo limakwanira kumutenthetsa.

Ikani mu centrifuge (makina ozungulitsa machubu mwaliwiro) nthawi yomweyo, moyang'anizana ndi chubu china cholemera mofanana, izungulire pa 3000 rpm (maulendo 3000 pa mphindi) kwa mphindi imodzi.

Mukachotsa muona magawo anayi: ether pamwamba, chikhakha cha zinyalala, formalin, ndi nsenga pansi penipeni. Nsengazo ndiye chuma chanu. Zungulizani kamtengo m'mbali mwa chikhakhacho kuti chimasuke, kenaka pendeketsani chubu kamodzi n'kamodzi, zapamwamba zonse zigwere m'botolo la zotayidwa, osati mu sinki. Timadzi totsala titsetsereke pansi, sakanizani ndi nsengazo, donthezani pa silaidi, phimbani ndi kagalasi kopyapyala (cover slip). Yambani ndi lenzi ya 10x ndipo muyende silaidi yonse, ngodya ndi ngodya. Dzira la likodzo la m'matumbo, Schistosoma mansoni, mulizindikira ndi kaminga kake ka m'mbali. Mazira a njoka za hookworm ndi Ascaris nawo amaoneka bwino. Kadontho ka ayodini kamathandiza kuona ma cyst (tizilombo tobisala m'chikhungwa cholimba) a kachilombo kotsegula m'mimba ka Giardia pa 40x. Tizilombo tamoyo tosambira simutiona, formalin watipha kale. Ngati chimbudzi chili chamadzi, yambani mwachiyeza chikadali chatsopano.

Botolo la ether lembani tsiku lomwe mwalitsegula, lisungeni lotseka, pamthunzi pozizira, koma osati mufiriji wamba, poti kamoto ka swichi yake kangathe kuyatsa mpweya wodzazana mkatimo. Ether akakhalitsa pa mpweya ndi kuwala amapanga mankhwala otchedwa ma peroxide omwe amaphulika. Mukapeza botolo lakale lili ndi timibulu toyera pakhosi, musalipotokole chotsekera. Itanani mkulu wa labu. Komwe ethyl acetate ikupezeka, ikhoza kulowa m'malo mwa ether pa muyezo womwewo, ndipo siyaka msanga ngati iye.