Kodi oyilo wa dzina lachilendo ndi wabwino? Muyeseni motere

Achimwene, mwafunsa ngati oyilo wotchipa wa dzina lomwe simunalimvepo angakuonongereni injini. Dzinalo lisakuopseni, tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo.

Yambani ndi kabuku ka galimoto yanu. Ngati kakuti 5W-30 (manambala osonyeza kukhuthala kwa oyilo), gulani 5W-30, osati 20W-50 chifukwa choti ndi amene ali pafupi.

Kenako funani kachizindikiro kozungulira ka API, bungwe la ku America loona za oyilo. Pa injini ya petulo zilembo zimayamba ndi S: SN inatuluka mu 2010, SP mu 2020. Botolo lolembedwa SF kapena SG ndi la injini zamakedzana, lisiyeni pashelefu. Pa dizilo funani C, monga CI-4 kapena CK-4.

Apa ndi pamene ndimafuna mudekhe. Aliyense angathe kulemba "API SP" papepala la botolo, koma layisensi ndi nkhani ina. Lowani pa intaneti, tsegulani mndandanda wa API wotchedwa EOLCS, mulembe dzina la kampaniyo. Ikapezeka pamodzi ndi oyiloyo, mtima ukhale m'malo. Ikasowa, ine sindigula, ngakhale botolo liwale bwanji.

Galimoto za ku Ulaya zimafuna muyezo wa oyilo wa komweko wotchedwa ACEA, monga A3/B4 kapena C3, ndipo Mercedes-Benz ndi Volkswagen ali ndi manambala awoawo, ngati MB 229.5 ndi VW 504 00. Anzathu a njinga zamoto, onani muyezo wa oyilo wa ku Japan wotchedwa JASO MA kapena MA2, apo ayi kilatchi iziterereka.

Musanalipire, gwirani chivindikiro. Ngati chidatsegulidwapo kale, bwezani botololo.