Mmene tingathandizirane kuthetsa mphwayi kuno ku Harare

Ndine mlembi wa bungwe lathu la maliro kuno ku Mufakose, ndipo mawu amene ndimawamva kawirikawiri ndikamayenda ndi kope la zopereka ndi akuti, "Zisiyeni amayi, palibe chimene chisinthe." Amanena zimenezi pa nkhani ya madzi, ya zinyalala, ya zitupa, ngakhale ya mwana amene wasiya sukulu. Ambiri mwa iwo si aulesi. Amadzuka kusanache kukaoda tomato ku Mbare Musika, n'kuima tsiku lonse padzuwa. Chimene chinatha mwa iwo ndi chikhulupiriro chakuti atayesa pangachitike kanthu.

Musanauze munthu kuti adzuke, yambani mwadziwa kumene mphwayi zake zinachokera. Makolo athu anabwera kuchokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi, kunjanji ndi m'nyumba za azungu, n'kukhazikika ku Mbare, Highfield, Rugare, Mabvuku ndi Tafara. Mu 2001 lamulo la unzika litasinthidwa, ana awo ambiri obadwira konkuno anapezeka kuti ndi alendo, ndipo ufulu wovota unawachokera. Mu 2005 ntchito ya boma yotchedwa Murambatsvina inagwetsa nyumba ndi misika, bungwe la United Nations n'kunena kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Mu 2008 ndalama za penshoni zimene madala athu anazivutikira moyo wonse zinasanduka mapepala, ndalama ya dziko lino itatha mphamvu. Munthu amene wadutsa m'zonsezi akapinda manja, kumukalipira n'kumulakwira. Muyambe ndi kumumvetsera.

Komabe kupinda manjako kumatidya tokha. Kolera wa 2008 mpaka 2009 anapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo Budiriro anali m'gulu la madera amene anavutika kwambiri. Anabweranso mu 2018 ku Glen View ndi Budiriro, kenako mu 2023 ku Kuwadzana. Mapaipi okalamba ndi madzi osowa si mlandu wa ife okhala m'malokeshoni, zimenezo n'zoona. Koma chimbudzi chikaphulika pafupi ndi chitsime, aliyense n'kumalumpha madziwo poganiza kuti wina wakanena kale, amene amayamba kutsekula m'mimba ndi mwana wa pakhomo pathu pomwe.

Choyamba choti muchite ndi kusiyanitsa mphwayi ndi matenda. Munthu amene amangokana misonkhano koma akudya, akusamba, akuseka ndi anzake, ameneyo wangogwa ulesi ndi za pagulu. Koma ngati kwa masabata awiri kapena kuposa sakugona bwino, chakudya sichikumukomera, zimene ankazikonda wazisiya, ndipo akulankhula zoti bola kufa, ameneyo akudwala maganizo. Musamuuze kuti alimbe mtima ngati mwamuna. Mperekezeni kukiliniki. Kuno tili ndi mwayi wa Friendship Bench, imene anayambitsa Dokotala Dixon Chibanda ku Mbare mu 2006. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa kiliniki, amamvetsera, n'kuthandiza munthu kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo, ndipo salipiritsa. Wodwalayo akatchula zodzipha, musadikire mawa ndipo musamusiye yekha.

Kwa enafe, njira ndi yomweyo ya agogo a pabenchi: vuto limodzi basi, laling'ono, loti likhoza kutha mwezi usanathe. Mukaitana anthu kuti tikonze Harare sabwera, ndipo ali ndi chifukwa. Mukawaitana kuti Loweruka m'mawa tichotse mchenga ndi mapulasitiki mu ngalande ya mumsewu wathu mvula isanayambe, anayi kapena asanu amabwera ndi mafosholo. Musadandaule ndi kuchepako. Ena amasuzumira pawindo, ndipo madzi akadutsa osalowa m'nyumba mu Disembala, ulendo wotsatira amatuluka okha.

Ngati simukudziwa poyambira, ine ndikuti yambani ndi mapepala, chifukwa apa ndi pamene mphwayi zatipweteka kwambiri ife a mtundu wa Chimalawi. Pali mabanja amene agogo alibe chitupa, mayi alibe, mdzukulu nayenso alibe setifiketi ya kubadwa. Mwana wotero amavutika polembetsa mayeso a ZIMSEC (bungwe loyendetsa mayeso a sukulu m'dziko muno), akakula sangalembetse nambala ya foni m'dzina lake, sangatsegule akaunti kubanki, sangalembedwe ntchito yokhazikika. Chomvetsa chisoni n'chakuti lamulo linasintha kalekale koma uthenga sunafike m'makomo ambiri. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko a 2013 limanena kuti munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowa asanatuluke, kholo lake limodzi kapena onse ali nzika za dziko la SADC monga Malawi, Mozambique kapena Zambia, ndipo iye ankakhala muno panthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Ndimakumanabe ndi amayi a msinkhu wanga amene akusunga chitupa cholembedwa kuti ndi mlendo, osadziwa kuti akhoza kukachisintha n'kulembetsa m'kaundula wa ovota.

Chitani motere. Khalani pansi ndi banjalo n'kulemba dzina la aliyense ndi pepala limene ali nalo. Kenako fufuzani chilichonse chosonyeza kuti munthuyo anabadwira kuno: pepala la kuchipatala kapena kukiliniki kumene anabadwira, khadi ya sikelo, kalata ya kusukulu, khadi ya ubatizo, zitupa za makolo, ngakhale setifiketi ya imfa ngati anatisiya. Madala ambiri amasunga zotere m'sutikesi pansi pa bedi, pemphani mwaulemu kuti muone. Yambani ndi wamkulu, chifukwa pepala la mwana limatsamira pa la kholo. Pezaninso wachibale amene ali ndi chitupa woti akakhale mboni. Maofesi a Civil Registry, amene amapereka zitupa ndi masetifiketi a kubadwa, alipo ku Makombe Building m'tauni ndi m'madera ena, ndipo nthawi zina antchito ake amayendera malokeshoni, choncho tcherani khutu kutchalitchi, kumzikiti ndi pa magulu a WhatsApp. Kwa khanda lobadwa kumene, lamulo limati alembetsedwe pasanathe masiku 42, ndipo pamenepo zinthu zimakhala zosavuta kusiyana ndi kudikira kuti afike Giredi 7.

Musamutume munthu yekha. Amene anabwezedwapo kamodzi amachita manyazi ndi mantha, ndipo akangouzidwa kuti pasowa pepala lina amabwerera kunyumba osadzapitanso. Mupite awiri, wina wodziwa bwino Chishona ndi Chingerezi, mutanyamula cholembera. Akakuuzani chimene chasowa, lembani pomwepo ndipo mufunse tsiku loti mubwerenso. M'bungwe lathu tinagwirizana kuti ndalama ya kombi (minibasi) ya ulendo wotere izichokera m'thumba la gulu. Ena anatsutsa kuti ndalamazo ndi za bokosi ndi chakudya cha pamaliro, koma ine ndimaona kuti bungwe limene limatha kusonkhanitsa anthu usiku wonse pa siwa likhozanso kuperekeza wamoyo kuofesi.

Za misonkhano ndinene mwachidule. Isapitirire ola limodzi. Nkhani iliyonse ithe ndi dzina la munthu ndi tsiku, osati "tidzaona". Achinyamata musamangowatuma kunyamula mipando. Apatseni ntchito yeniyeni, monga kusunga ndandanda ya osowa mapepala pafoni kapena kuyang'anira mzere wa pamjigo, chifukwa mnyamata amene palibe amene akumudalira ndi amene amakathera pakona ndi mutoriro, mankhwala ozunguza bongo.

Chimbudzi chikaphulika kapena zinyalala zikaunjikana, jambulani chithunzi, lembani tsiku, kanenani kuofesi ya khonsolo ya m'dera lanu ndipo mutumizirenso khansala wa wadi yanu. Mabungwe a okhala mumzinda monga Combined Harare Residents Association ndi Harare Residents Trust amalandira madandaulo otere. Pakadutsa sabata osayankhidwa, apite wina wa mumsewu womwewo ndi chithunzi chatsopano. Podikira, madzi akumwa muwawiritse kapena muthiremo WaterGuard, ngakhale atakhala a pamjigo ooneka oyera, ndipo ana muwaletse kusewera kumunsi kumene madzi oipawo akuyenderera.