Mukamva ngati mwadzitaya nokha, yambirani apa

Pali kutopa kwina koti ngakhale mugone maola 10 sikutha. Mumadzuka, ntchito mukugwira, anthu mukuseka nawo bwinobwino, koma mumtimamu muli zii ngati moyowo ndi wa munthu wina inu mwangobwereka. Ambiri amati ndi ulesi, koma nthawi zambiri vuto ndi loti kwa zaka mwakhala mukuchita zomwe ena akuyembekezera mpaka mwaiwala kuti inuyo eni ake mumafuna chani.

Musayambe ndi funso lalikulu lija loti "kodi ndinabadwira chani?" limangozunguza mutu basi. Tengani kope kaya foni, kwa masabata awiri madzulo aliwonse muzilemba zinthu ziwiri zokha, chomwe chakupatsani mphamvu lero ndi chomwe chakuyamwani. Osakometsera ayi, palibe amene awerenge. Mwina mupeza kuti miting'i ya maola awiri inakufoolani zedi, koma mphindi zochepa zomwe munakhala pansi kumufotokozera mnzanu watsopano mmene ntchito imayendera, munatuluka mukumwetulira nokha. Zoterozo zikabwerezabwereza mu kopemo, zigwireni, zikukuuzani kanthu.

Kenako lembani "ndiyenera" aliyense amene mumayenda naye m'mutu. Ndiyenera kukhala ndi galimoto pofika zaka 30, ndiyenera kuvomera aliyense akandipempha, ndiyenera kuoneka kuti zikuyenda. Pa chilichonse dzifunseni kuti mawu amenewa ndi a ndani, ndipo kodi ndikanachitabe pakanakhala kuti palibe wondiona? Apa chonde musamale, chifukwa ena amaganiza kuti kudzipeza wekha ndiye kutaya udindo wonse, ayi ndithu. Kusamalira ana anu kapena makolo anu mwina ndiye chinthu chenicheni chomwe mumachikhulupirira ndi mtima wonse, kungoti chakwiririka pansi pa zinthu zina zambirimbiri zomwe mumachita poopa kunenedwa. Zoopa kunenedwazo ndi zomwe tikufuna zichepe.

Viktor Frankl, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Vienna, m'dziko la Austria, yemwe anapulumuka mu ndende za chipani cha Nazi kuphatikizapo Auschwitz, ankaphunzitsa kuti tanthauzo la moyo munthu amalipeza pa zinthu zitatu: ntchito yomwe akuchita, chikondi chake pa munthu kapena chinthu, komanso mmene akuimira pa mavuto omwe sangawasinthe. Ine chachitatuchi ndimachiona chofunika kwambiri kwa amene akudwazika m'bale kapena ali pa ntchito yomwe sangaisiye panopa, chifukwa chikutanthauza kuti simukuyenera kudikira kuti zinthu ziyambe zakhala bwino.

Tsopano sankhani chimodzi mwa zomwe zimakupatsani mphamvu mu kope muja ndipo muchipatse nthawi yake yeniyeni, tinene Loweruka m'mawa mphindi 30. Kujambula, kuphunzitsa mwana masamu, kukonza zinthu zowonongeka, kuimba, chilichonse. Musasiye ntchito, musagule zipangizo zodula, musalengeze pa Facebook. Ndipo musadikire kuti mtima ufune kaye, nthawi zambiri chilakolako chimabwera mwayamba kale kuchita. Pakatha mwezi onaninso, ngati chikukupatsabe mphamvu onjezerani nthawi, ngati ayi chisiyeni muyese china, palibe chomwe mwaluza.

Musachite nokhanokha. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Harvard ku America yemwe anayamba mu 1938 ndipo wakhala akutsatira miyoyo ya anthu kwa zaka zoposa 80, anapeza kuti ubale wabwino ndi anthu umagwirizana kwambiri ndi chimwemwe komanso thanzi pa ukalamba. Ndiye pezani munthu mmodzi amene mukakhala naye simumadziyang'anira kuti ndikuoneka bwanji, mumuuze zomwe mukuyesa, azikufunsani kuti zikuyenda bwanji. Anthu ena adzadabwa mukayamba kukana zina, ena adzakwiya kumene, aloleni azolowere.

Koma ngati kwa masabata awiri kapena kuposa palibe chomwe chikukusangalatsani ngakhale zomwe munkazikonda, tulo tasokonekera, chakudya sichikulowa, kapena mwayamba kuganiza zodzipha, apo kope lokha silikwanira. Uzani munthu amene mumamudalira lero lomwe ndipo mupite kuchipatala mukaonane ndi dokotala kapena mlangizi, matenda a maganizo otere ali ndi thandizo.