Mmene mungatetezere mwana wanu wa Down syndrome ku chikwapu cha kusukulu

Makolo anzanga amene muli ndi mwana wa Down syndrome ndipo mwamulembetsa sukulu kapena mukufuna kumulembetsa teremu ikubwerayi, nkhani ya chikwapu musadikire kuti ichitike kaye ndiye muziyamba kuthamanga. Mmasukulu athu ambiri ndodo ikadalipo olo kuti unduna wa zamaphunziro unaletsa, imakhala kuseri kwa chitseko kapena patebulo pa aphunzitsi pomwepo, ndipo amene amailawa kwambiri ndi mwana uja amachedwa kuyankha, amachedwa kukopera, anzake onse ayimirira iye akadali pansi. Ameneyo ndi wathuyu. Ndiye akabwera kunyumba sangathenso kukufotokozerani bwinobwino kuti wamenyedwa ndi ndani komanso chifukwa chiyani, amangokhala duu.

Choyamba lidziweni thupi la mwana wanu, chifukwa simungawafotokozere aphunzitsi chinthu chomwe inu eni ake simukuchimvetsa. Down syndrome si ufiti, si kukhwimira, si kuti mayi anadya chinachake ali woyembekezera. Munthu amakhala ndi ma chromosome 46 mmaselo ake, timeneti ndi tinthu ting'onoting'ono tomwe timanyamula chibadwa cha munthu, mwana wathuyu ali ndi 47 chifukwa ya nambala 21 ija ali nazo zitatu mmalo mwa ziwiri, nchifukwa chake tsiku lokumbukira anawa padziko lonse linaikidwa pa 21 March. Pa ana pafupifupi 1,000 alionse obadwa, mmodzi amabadwa choncho, kwa olemera ndi osauka omwe.

Tsono chomwe chikukhudzana ndi chibalo ndi ichi. Pafupifupi theka la anawa amabadwa ndi vuto la mtima. Minofu yawo imakhala yofooka, mfundo zomasuka, amatopa msanga. Ena mafupa awiri oyambirira a mkhosi, pomwe mutu umakhalapo paja, amakhala omasuka kwambiri moti khofi lamphamvu, kumugwedeza, kumukankha mutu kapena kumukoka khutu mpaka khosi kupindika zitha kuvulaza mtsempha waukulu wa mumsana, ndipo apa sitikunena za kulira kwa mphindi zisanu ayi, tikunena za mwana kulephera kuyenda. Ganiziraninso zibalo zomwe timazitenga ngati zazing'ono, kugwada padzuwa manja ali mmwamba, kudumpha ngati chule, kuthamanga kuzungulira bwalo la mpira, kukumba dzenje la zinyalala. Kwa mwana wa mtima wobooka zimenezi si zazing'ono.

Ambiri mwa iwo samva bwino chifukwa madzi amakonda kudzadza mkati mwa khutu, lero akumva mawa sakumva, ndiye aphunzitsi amati amasankha zomva dala. Ena maso saona patali. Ena chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, chimagwira ntchito mofooka, ena usiku mpweya umadukizadukiza akagona, mmawa mkalasi akusinza, nkumati ndi ulesi. Ndiye sukulu isanatsegulire pitani naye kuchipatala akamuyeze mtima, makutu, maso ndi chithokomiro ngati kuli kotheka, ndipo apempheni adokotala alembe mu buku lake la kuchipatala zomwe mwanayo sayenera kuchita. Buku limenelo ndi mboni yanu, mawu a pakamwa anthu amaiwala.

Kenako pitani kusukulu musanamve vuto lililonse, mukaonane ndi ahedi ndi mphunzitsi wa kalasi yake pamodzi. Musapite ngati mukukamenya nkhondo. Kunena zoona madamu amene ali ndi ana oposa 100 mu Sitandade 1, ena akhala pansi, ena akulira, ena akumenyana, ali pa ntchito yowawa kwambiri ndipo ambiri aiwo ku koleji sanaphunzitsidwe mokwanira za ana ngati athuwa, pulayimale yaulere chiyambireni mu 1994 makalasi ndi odzadza choncho. Sindikuikira kumbuyo chikwapu, ndikungoti mukapita ndi ulemu mumapeza mnzanu wogwira naye ntchito. Mutha kunena motere: "Madamu, mwana wanuyu ali ndi vuto lakuti lakuti, onani mmene alembera adokotala umu. Chonde asamenyedwe kapena kupatsidwa chibalo cha thupi, akavuta mungondiflasha ndibwera kapena tikambirana akaweruka." Ndipo chonde chonde mawu aja timakonda kusiya kusukulu akuti "akavuta muzimukwapula, ndi mwana wanu" asatuluke pakamwa panu olo mocheza.

Lembani pepala limodzi, limodzi basi chifukwa lalitali sawerenga. Dzina lomwe amavomera kunyumba, mmene amaonetsera akafuna kuchimbudzi, zomwe zimamuopsa, zomwe zimamukhazika mtima pansi, ndi nambala yanu. Pemphani azikhala kutsogolo komwe angaone nkhope ya mphunzitsi. Funsaninso ngati pasukulupo kapena mu zoni mwanumo muli mphunzitsi wa ana a ulumali, aja amaphunzira ku Montfort ku Nguludi, kapena resource centre yapafupi, malo othandizirako ana a ulumali pa maphunziro, chifukwa mphunzitsi amamvera mphunzitsi mnzake msanga kuposa kholo.

Apa ndi pomwe ndikufuna ndikhalitsepo. Mukangomuuza mphunzitsi kuti musamenye osamupatsa china chogwira, tsiku lomwe adzatope adzabwerera ku ndodo. Mpatseni njira. Mwana wa Down syndrome amamvetsa zambiri kuposa zomwe amatha kuyankhula, koma mawu ambiri akabwera nthawi imodzi amamutayika, "tengani makope mulembe deti mujambule mzere kenako mukopere zapabolodi" iye wangogwirapo makope basi, zinazo zapita. Ndiye mphunzitsi amutchule dzina, amuyang'ane kumaso, amuuze chinthu chimodzi, kenako awerenge chamumtima mpaka teni asanabwereze. Kudikira kumeneko kumaoneka kwakutali koma nthawi zambiri mukufika pa seveni mwana wayamba kusuntha. Mukabwereza msanga mokalipa ndiye kuti mwamuyambitsanso poyambirira. Komanso amaphunzira bwino ndi maso kuposa makutu, muonetseni kope lenilenilo, lozani, chitani iye akuona.

Pali khalidwe lina lomwe limawapsetsa mtima aphunzitsi kwambiri, inenso ndimalidziwa bwino. Belu lalira buleki yatha, ana onse athamangira mkalasi, iye wafika pakhomo wangoti khwatha pansi, miyendo wapinda, mutu waweramitsa, akuseweretsa kamwala, ukamukoka dzanja thupi lonse amalilefula kukhala lolemera ngati thumba la simenti. Amene sakumudziwa amati mwano, ndodo ibwere. Koma nthawi zambiri watopa, kapena phokoso lamuchulukira, kapena sanakonzeke kuti masewera atha. Osamukoka, paja mfundo ndi khosi tanena zija. Mugwadire pafupi, muuzeni mofatsa "tiye tikafufute bolodi", mpatseni dasitala mmanja, muchokepo pang'ono. Kantchito kakang'ono kamamudzutsa kuposa kukuwa. Ndipo mawa muchenjezeni belu lisanalire kuti posachedwa tilowa. Kumuuza kuti poyamba tilembe kenako phala, ndi kumuyamikira pompopompo akachita bwino, anzake amuombere mmanja, zimenezi zimagwira ntchito kwa anawa kwambiri chifukwa amakonda anthu ndipo amafuna kukondweretsa.

Chinanso, anawa amatengera zomwe akuona. Mwana amene akumenyedwa amaphunzira kumenya, mawa akamenya mnzake ndi lula nkumenyedwanso chifukwa chomenya, basi kumangozungulira. Awuzeninso aphunzitsi za ma monita, chifukwa mmakalasi ena mphunzitsi akatuluka amasiya ndodo kwa monita kapena kumuuza alembe olongolola, ndiye dzina losavuta kulemba ndi la uja sangadziteteze. Ndipo ana ena ochenjera amamutuma, "katenge cholembera cha uja", iye poti akufuna anzake amakatengadi, wogwidwa nkukhala iye.

Sindikunena kuti mwanayo azingosiyidwa achite zomwe akufuna, kumeneko nkumupha kwina. Akalakwadi auzidwe "ayi" momveka, nkhope yosaseka, nthawi yomweyo osati akaweruka chifukwa pofika nthawi imeneyo sakugwirizanitsanso chilango ndi cholakwa. Walanda chinthu abweze, wataya madzi akolope, wamenya mnzake akhale pambali mphindi zochepa pomwe aphunzitsi akumuona kenako abwerere. Kunyumba muzichita chimodzimodzi. Ngati inu kunyumba mumamuthyolera kamtengo, kusukulu mulibe pakamwa, ndipo agogo ake, amalume ake ndi wantchito nawonso muwauze.

Tsopano mungadziwe bwanji kuti akumenyedwa? Pomusambitsa muziyang'ana kumatako, kuseri kwa miyendo, zikhatho, makutu. Anawa ena sachedwa kubisa ululu kapena satha kuloza pomwe pakupweteka ndiye musadalire kuti alira. Onani khalidwe, mwana amene amakonda yunifomu mwadzidzidzi akuibisa kapena kulira mmawa, wayambanso kukodza pogona, mukakweza dzanja kuti mutenge kapu pashelefu iye akuphimba mutu. Mvetserani akamasewera yekha, nthawi zina mumupeza wandandalika mabotolo kapena zidole kuseri kwa nyumba, kamtengo kali mmanja, akukalipa ndi mawu a munthu wina wake, pamenepo akukuuzani zonse zomwe zikuchitika mkalasi. Pomufunsa musamuike mawu mkamwa kuti "madamu akumenya eti?" chifukwa ambiri amangoti eee pofuna kukusangalatsani, ndipo mutha kunamizira munthu wosalakwa. Mpatseni chidole nkumuuza "ndionetse zomwe zinachitika". Funsaninso mwana wa aneba wa kalasi imodzi, mosamuopseza.

Mukapeza kuti wamenyedwadi, jambulani mikwingwirimayo pafoni tsiku lomwelo, lembani deti, pitani kuchipatala alembe mu buku. Ngati khosi lapendekera, akuyenda modzandira, manja afooka kapena wayamba kudziyipitsira zomwe sankachita, musagone naye kunyumba, thamangani kuchipatala chachikulu ndipo muwauze kuti ali ndi Down syndrome ndipo wamenyedwa kumutu kapena kukhosi.

Kenako kwa ahedi, ndi kalata yolemba, ina musunge inu. Tengani munthu wina wa komiti ya sukulu, PTA kapena Mother Group akhale mboni. Ngati kunali kamodzi, mphunzitsi wavomera ndipo mwagwirizana njira zina, zitha kuthera pomwepo koma zilembedwe. Akamakuzungulitsani pitani kwa a PEA, alangizi oyang'anira masukulu a pulayimale mu zoni mwanu, ku ofesi yawo ku TDC, kukakanika kumeneko ku ofesi ya zamaphunziro paboma. Koma ngati mwana wavulala musalole zoti tikambirane pachiweniweni, pitani ku Victim Support Unit kupolisi ndi ku ofesi ya Social Welfare, kapena imbani 116, ndi nambala yaulere yothandiza ana. A ku Blantyre pa Queens pali One Stop Centre pomwe achipatala, apolisi ndi a Social Welfare amapezeka malo amodzi. Kulinso Malawi Human Rights Commission, ndipo a PODCAM, bungwe la makolo a ana a ulumali, komanso a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu a ulumali, atha kukuyendetsani chifukwa kuyenda wekha mmaofesi kumafoola.

Malamulo ali mbali yanu. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kuchitira munthu nkhanza kapena kumupatsa chilango chonyazitsa, tili ndi lamulo loteteza ana la 2010, tili ndi lamulo latsopano la anthu a ulumali la 2024, ndipo Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali mu 2009. Abale amene muli ku Zambia lamulo la zamaphunziro la 2011 linaletsa kukwapula msukulu, a ku Joni kumeneko analetsa kalekale mu 1996, ndiye musaope kudandaula poti ndinu obwera.

Zinthu ziwiri ndikupempheni. Musaponye nkhope ya mwana kapena mabala ake pa Facebook ndi mmagulupu a WhatsApp, mkwiyo umatha koma chithunzi chimatsala, ndipo chitha kusokoneza mlandu. Komanso wina akakuuzani kuti "ingomusungani kunyumba, ameneyu sukulu siyake" musavomere. Ana a Down syndrome amaphunzira kuwerenga, kulemba, kuwerengera ndalama ndi ntchito zamanja, pang'onopang'ono koma amaphunzira, ndipo wolakwa pankhaniyi si mwanayo kuti ndiye achotsedwe.

Pobwerera kusukulu zitachitika zimenezi muperekezeni nokha masiku oyamba mpaka pakhomo la kalasi, muwapatse moni aphunzitsi iye akuona, ngati mantha ndi mphunzitsiyo sakutha pemphani ahedi amusinthe kalasi. Mupezereni mnzake mmodzi kapena awiri odekha oti azikhala naye pa buleki ndi poweruka, ndipo Lachisanu lililonse muzidutsa kusukuluko olo mphindi zisanu kufunsa kuti sabata yayenda bwanji, kapena ikani kakope mchikwama mwake kuti aphunzitsi azilembamo mzere umodzi inu nkuyankha mmunsi mwake.