Kugulitsa usipa wa ku Senga Bay pa WhatsApp osaberedwa

Kale kuti ugulitse nsomba ku Lilongwe umayenera kukwera nazo wekha minibasi pa Kamuzu Road ku Salima, ukafika mavenda amakuuza mtengo wawo poti akudziwa kuti sungabwerere nazo kunyanja. Pano foni yomweyi ndi msika, ndipo zimandiwawa ndikamaona amayi akuyanika usipa wabwinobwino koma akugulitsabe motchipa kwa opikula, pomwe foni ya WhatsApp ili m'nyumba momwemo.

Yambani ndi chithunzi. Jambulani panja kukuwala, usipa uli pa thandala, osati uli m'thumba kuchipinda. Pambali pake ikanipo chigoba chomwe mukuyezera, chodzadza mmene mudzadzire potumiza, chifukwa mikangano yambiri ya geni imeneyi imayambira pa muyezo. Ndipo chonde musatenge chithunzi cha ena pa Facebook, munthu akaona usipa wowala pa foni nkulandira wofiira wophwanyikaphwanyika sabweranso, komanso auza anzake onse a kuntchito ndi kutchalitchi.

Mtengo lembani pomwepo. Zija zoti "bwerani ku inbox" anthu anatopa nazo. Nenani ngati ndi wofutsa kapena wongoyanika, mwauyanika liti, chigoba ndi zingati. Mtengo ukakwera fotokozani chifukwa chake, anthu a mtauni ambiri sadziwa kuti mwezi ukawala usipa umasowa poti asodzi amaukopa ndi nyali usiku, kapena kuti mwera ukamaomba cha mu June mpaka August mabwato sapita kutali. Mukawauza amamvetsa ndithu.

Makasitomala oyamba musawafune patali, ndi abale anu omwe ali ku Area 25, ku Kawale, anzanu a kusukulu. Ikani pa status m'mawa uliwonse mukakhala ndi katundu, ndipo amene wagula mumupemphe ayikeko naye pa status yake.

Tsopano nkhani ya ndalama, apa ndiye mumvetsetse. Katundu asachoke ndalama musanaione. Screenshot si ndalama, meseji si ndalama. Akuba amatha kulemba meseji yofanana ndendende ndi ya Airtel Money kapena Mpamba, dzina lanu lilipo, ndalama yake ilipo, kenako akuyimbirani mwachangu kuti amayi tumizani galimoto ikunyamuka. Musapupulume. Imbani *211# ngati ndi Airtel, *444# ngati ndi TNM, muone balansi yanu nokha, ikapanda kukwera ndiye kuti palibe chalowa, basi. Chimodzimodzi aja amati ndatumiza molakwika mundibwezere, auzeni ayimbire kukampani. PIN yanu musauze munthu, ngakhale atanena kuti akuyimba kuchokera ku ofesi, ndipo kwa ejenti lembani nokha pa foni, osamutchulira. Mugwirizanenso msanga kuti yotapira alipira ndani, imaoneka yochepa koma pa mwezi imadya phindu.

Kutumiza sikovuta, Salima ndi Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 ndiye katundu wonyamuka m'mawa amafika tsiku lomwelo. Longedzani mu katoni usipa utauma bwino, wachinyezi mukautsekera mu pulasitiki umafika utayamba fungo. Lembani dzina ndi nambala ya wolandira ndi maka, zilembo zikuluzikulu. Muuzeni kondakitala asayike pansi pa matumba a mpunga kapena pafupi ndi chigubu cha petulo. Kenako jambulani nambala ya galimoto, tengani nambala ya dalaivala, zonsezo tumizani kwa kasitomala nthawi yomweyo kuti azilondola yekha. Mukapeza dalaivala mmodzi wokhulupirika mugwireni, ngakhale atamakwezako pang'ono.

Chambo chachiwisi musayambe nacho. Chimafuna ayisi ndi kula bokosi, galimoto ikangofa panjira mwaluza zonse. Dikirani kaye muzolowere ndi zouma.

Gulani kope la geni yokhayokha. Muzilembamo mwapikula zingati, bando ya intaneti, katoni, thiransipoti, ndi amene watenga pangongole. Ngongole kwa munthu amene mwangodziwana naye pa Facebook ayi, ngakhale alankhule mokoma bwanji. Wakale amene wagulapo kangapo mutha kumupatsa, koma tsiku lobweza mulembe mu kope ndipo mumutumizire pa WhatsApp kuti nayenso akhale nalo.